Kutsogolo kwa Ndodo

Wamawotchi anachoka pagalaja mochedwa, maminibasi atasiya kale kuyenda. Galimoto yake inali idakali pajeke, tayala limodzi lili pambali, ndipo makaniko anali chigonere kunsi kwake, miyendo yokha ikuoneka.

"Pitani mukagone, a Mawotchi," anatero makaniko ali kunsi komweko. "Mukandiimirira pamutu chonchi, ngakhale mabawuti akuchita manyazi. Faifi koloko m'mawa ndikhala nditakuimikirani pageti. Koma inu, masiku asanu m'galimoto ndi apongozi, nonse awiri osalankhula! Wailesi ija ndakukonzerani ulere, mungafe ndi zii."

"Faifi," anatero Wamawotchi. Anapinda mapu ake, n'kuwaika m'thumba la jekete, n'kuuyamba wapansi.

Ulendowu anaukonza kwa milungu itatu, monga momwe ankakonzera wotchi, kachitsulo kamodzikamodzi. Mkazi wake atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, achibale anakhala pansi kukambirana za kumene angawapititse apongozi ake, bambo a malemuwo, amene matenda a shuga anali atawatseka maso. Iye anangoti, "Akhala." Ndipo anakhaladi. Amuna awiri m'nyumba ya zipinda zitatu, wina kumeta mnzake ndevu Loweruka lililonse, mawu a tsiku lonse osadzaza ndi kapu yomwe.

Mwezi wathawu adokotala anamukokera pambali n'kumuuza kuti mtima wa mkuluyo watopa, ngati pali kumene akufuna kupita apite tsopano. Madzulo ake apongoziwo anapempha chinthu kwa nthawi yoyamba chikhalireni m'nyumbamo. Ankafuna kukafika kumudzi kumene anabadwira, m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene anachokako ali mnyamata ndipo sanabwerereko.

Wamawotchi anagula mapu. Ndi cholembera chofiira analemba zonse. Tsiku loyamba akagona m'tauni ya padoko, imene ili ndi nsanja ya nyali younikira sitima. Lachiwiri akaona linga lakale la miyala ndi mudzi wa zitseko zosema. Lachitatu, misika ya asodzi ndi mabwinja a pachitunda. Anawerengera mafuta, maola, ndi malo oimapo kuti mkuluyo amwe mankhwala. Chimodzi chokha chinamukanika: mudziwo pamapu panalibe. Anafunsa madalaivala a mabasi, anafunsa mayi wogulitsa nsomba zouma, anafufuza pafoni mpaka maso kuwawa. Dzinalo palibe analimvapo. Apongozi ankangokumbukira nyumba yoyera ya denga lofiira ndi mtengo waukulu pamphambano, zinthu za zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Tsiku lachinayi pamapu linali lopanda kanthu, ndipo Wamawotchi sanawauze. Mawa amanyamuka ndi munthu wodwala kupita kumalo amene sankawadziwa.

Magetsi a mumsewu anathera pasitolo ya matabwa. Kuchokera apo njira inkatsetsereka m'mbali mwa mpanda wa manda akale mpaka pamlatho. Njirayi ankaidziwa bwino, ndipo sanali munthu woopa mdima. Mwezi unali wathunthu. Mtsinje unali utauma chiyambire chilimwe, kunsi kwa mlatho kuli mchenga ndi mapepala basi.

Atatsala pang'ono kutha mpanda wa manda, anamva kugogoda kumbuyo kwake.

Go, go... khwee.

Anaima. Nakonso kunasiya. Anayamba kuyenda.

Go, go... khwee.

Khutu lake linali la ntchito. Wotchi yodwala ankaidziwa asanaitsegule. Iyi inali ndodo ya chitsulo kunsonga, kugunda kawiri, kenako kukhweza pansi. Koma mapazi a mwini ndodoyo sankamveka. Anatchera khutu bwinobwino. Ndodo yokha.

Anaponda pamlatho. Mphepo inamuomba kumaso, yonyowa, yolemera. Inkanunkha mchere! Mchere ndi ndere ndi maukonde onyowa, m'tauni imene nyanja ili ulendo wa tsiku lonse pagalimoto. Thupi lonse linachita tsemwe. Anafuna kuthamanga.

"Akulu, mundidikireko."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Panali munthu wamtali, woonda, wa zaka zosakwana makumi anayi, atavala malaya a kolala yaikulu amene anthu anasiya kalekale kuvala. Nkhope inali yopenya kumwamba pang'ono, monga amachitira anthu osaona. Maso anali oyera mbee. M'manja munali ndodo.

"Muli ndi pepala m'thumba lakumanzere. Likulira mukamayenda. Tandipatsani."

Wamawotchi sanadziwe kuti dzanja lake linalowa liti m'thumba. Munthuyo anayala mapu pachitsulo cha mlatho, n'kuyendetsa zala pamene cholembera chinadinda. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chipongwe.

"Nsanja. Linga. Zitseko zosema. Mwakonza ulendo wa anthu a maso, akulu. Amene mukumutengayo akaona chiyani?"

Mawuwo anamulasa. Milungu itatu yonse, sanaganizepo zimenezo.

"Mudzi wake sindikuupeza," anatero, mawu akutuluka okha.

"Mukuufuna ndi maso. Tamverani. Musalembe, mungosunga. Mukagone kumene belu la tchalitchi ndi long'aluka, limalira ngati poto. Mukadzuka, nyanja ikhale kudzanja lamanzere, musaitaye. Mudutsa msewu wa miyala yoyala, matayala adzachita kukuyankhulani. Mudutsa mudzi wa okhoma mabwato, fungo la phula lidzakulonjerani musanafike. Kenako nyanja idzakhala chete, chifukwa phiri laima pakati. Musaope. Pitirirani. Ikadzabweranso siidzawomba ayi, idzapuma. Muli phanga m'munsimo, imapumiramo ngati ng'ombe yogona. Pamenepo mukhotere kumanja. Tcheni cha pachitsime chikalira ngati kamwana ka mbuzi, mwafika."

Khalidwe la makani la Wamawotchi linadzuka ngakhale mantha anali atamugwira.

"Belulo mwina analikonza."

"Sanalikonze. Ndalimva madzulo ano."

Madzulo ano... Belu la kutali tsiku lathunthu!

Pamenepo kunsi kwa mlatho kunamveka madzi. Poyamba pang'ono, ngati munthu akutsuka mbale kutali. Kenako funde. Linabwera, linasweka, linabwerera likukoka timiyala. Lina linatsatira. Wamawotchi anasuzumira. Mchenga wouma, mapepala, mwezi ukuwala pa botolo losweka. Madzi panalibe ndi dontho lomwe. Koma nyanja inali pomwepo, yonse, yaikulu, ikuwomba pansi pa mapazi ake mpaka zitsulo za mlatho kunjenjemera. Anamva mbalame za kunyanja. Anamva nyundo zikukhoma matabwa. Kutali kwambiri belu linalira, mawu ake ophwanyika ngati poto wakale. Kenako zonse zinatsika, n'kutsala kupuma kumodzi, kwakuya, kwapang'onopang'ono. Huu... haa... Huu... haa...

Wamawotchi anali asanaionepo nyanja chibadwire. Anavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Mantha anali atachoka. Chimene chinatsala chinali chachikulu kuposa mantha, ndipo misozi imene inakana kutuluka pamaliro a mkazi wake inatsika yokha.

"Mukamuuze," anatero munthuyo, mawu akumveka ngati ali patali, "kuti ulendo uno kutsogolo kwa ndodo ndigwira ndine."

"Ndikati ndani?"

Zii.

Pamlatho panali iye yekha. Mapu anali pachitsulo, akupepheruka. Galu anauwa kutsidya. Mphepo inkanunkha fumbi ngati masiku onse.

Sanathamange. Anapinda mapu motsata mizere yake, n'kuyenda mpaka kunyumba chipewa chili m'manja.

Anawapeza apongozi ali maso, atakhala pampando wawo wa pabalaza mumdima, chikwama chaulendo chili pamiyendo. Wamawotchi anayatsa getsi n'kuyala mapu patebulo. Pamwamba pa mizere yake yofiira panadutsa mzere wina, woyera, waukulu ngati chala, wotsata gombe mpaka pamalo pamene panalibe dzina lililonse. Anaukhudza, n'kulawa. Mchere.

"Mwachedwa, akamwini," anatero mkuluyo. "Galimoto yakana?"

"Ibwera faifi." Anakhala pansi. "Bambo, mudzi wanu sindinaupeze pamapu. Ndinakubisirani."

"Ndimadziwa. Mapepala mumawatembenuza usiku wonse ngati mbewa."

"Koma ndakumana ndi munthu pamlatho. Wandiuza njira."

Anayamba kunena monga anauzidwira. Belu long'aluka. Nyanja kudzanja lamanzere. Msewu wa miyala yoyala. Atafika pa okhoma mabwato, milomo ya mkuluyo inayamba kuyenda.

"Fungo la phula," anatero apongozi monong'ona. "Kenako nyanja ikhala chete. Ikabweranso ipuma ngati ng'ombe yogona. Tcheni cha pachitsime..." Chikwama chinagwa pansi. "Anali ndi ndodo?"

"Ya chitsulo kunsonga. Amagunda kawiri, kenako n'kukhweza."

Mawotchi a makasitomala pashelefu ankangogunda, iliyonse mwa iyo yokha.

"Chitsulocho ndinaikapo ndine. Chinali chogwirira cha supuni ya amayi, anandikwapula nacho chifukwa chake." Mkuluyo anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Amenewo ndi achimwene anga. Anabadwa osaona. Ine ndinali maso awo. Tinkayenda gombe lonselo, tauni ndi tauni, iwo akuimba m'misika, ine nditagwira kutsogolo kwa ndodo, iwo kumbuyo. Njirayo ankaitchula chonchi tikamabwerera, kundiseka kuti iwe ndi maso akowo udzasochera, ine ayi. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndinatopa nayo ndodo. Ndinawakhazika pachitsime, ndinati ndikubwera, ndikukagula sopo. Ndinakwera lole."

Wamawotchi anadikira.

"Patapita zaka anandilondola. Okha, akamwini. Kufunsa m'mabasi, m'misika, mpaka anafika m'tauni muno. Chinali chaka cha madzi osefukira, mlatho uja udakali wa matabwa. Anatsala pang'ono chabe kufika pakhomo panga. Anawapeza m'mawa kumunsi, ndodo ili m'manja. Ndinawaika m'manda a pafupi ndi mlathowo. Zaka makumi anayi ndi ziwiri zapitazo. Mwana wanga, mkazi wanu uja, anali asanayambe ndi kuyenda komwe, ndipo sindinamuuzepo. Kumudzi ndinangotumiza kalata. Ndikanakawayang'ana bwanji amayi kumaso?"

"Anandipatsa uthenga," anatero Wamawotchi.

Mkuluyo anagwira mikono ya mpando mwamphamvu, ngati munthu woyembekeza chigamulo.

"Nenani. Ngati akuti ndisapondeko, sindipita."

"Akuti ulendo uno kutsogolo kwa ndodo agwira ndi iwo."

Apongozi anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, mapewa akugwedezeka. Wamawotchi anatola chikwama chija, n'kuwabwezera pamiyendo, ndipo dzanja lake linakhalitsa pang'ono padzanja lawo.

"Zofiira zanuzo, nsanja ndi malinga, tikaima ndithu," anatero mkuluyo atapeza mpweya. "Inu mukaone, mundiuze. Koma magalasi a galimoto mukatsitse onse. Ndipo wailesi musayatse."

"Sindiyatsa."

Anazimitsa getsi, koma palibe anapita kukagona. Anakhala choncho awiriwo, mumdima umene kwa mmodzi unali wa masiku onse. Mawotchi anagunda thwelofu, ina motsogola, ina motsalira. Itamaliza yomaliza, kunja kugeti kunamveka bwinobwino.

Go, go... khwee.

Wamawotchi anaimirira. Apongozi anamugwira malaya kuti akhale pansi. Anatembenuzira nkhope kuchitseko, n'kukweza mawu ngati mnyamata amene akumufulumizitsa asanamange nsapato.

"Tamva, achimwene! Akuti faifi koloko."