Nkhoswe ya Suti Yobwereka

Ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, kunali nyumba ya mayi Margret, nyumba ya mapemphero yoti ngakhale nkhuku zinkayamba zatsinzina zisanajomphe chimanga. Ine ndazungulira Mulanje yense mpaka misewu inandiloweza, koma mwana woleredwa bwino ngati Kondwelani wa m'nyumba imeneyo sindinamuone. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Anamulera ndi amalume ake, a Bizwick, onyamula katundu wa alendo okwera phiri. Mwamuna ameneyo ankasenza matumba asanu ndi awiri pamutu, mzungu wotopa kumsana, n'kumaimba nyimbo ya kwaya mpaka pamwamba.

Kondwelani atakula anayamba kabaza ku Muloza. Kumeneko anapeza Luiza, mwana wa a Gregorio amene anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anapezanso Pilato, wogulitsa kaunjika, munthu amene mmero wake unali ngati mtsinje wa Ruo m'dzinja, chilichonse chogweramo chimangopita. Ndiye anamuphunzitsa kachasu.

Zaukwati zitayamba, Pilato anafunsa, "Aise, nkhoswe yako ndani?"

"Amalume, a Bizwick."

"Aja a ming'alu kumapazi yoti n'kubzalamo chinangwa? Pa vidiyo anthu adzati wabwera ndi mlonda. Ika ine. Suti ndibwereka, Chingerezi ndili nacho kale."

Mayi Margret atamva anagwira pakamwa. "Mwanawe, nkhoswe si maluwa a patebulo. Nkhoswe ndi ya tsiku limene mbale zikuuluka m'nyumba. Udzaitana ndani?"

"Amayi, zimenezo n'zachikale. Ukwati ndi wanga."

Nkhaniyo inawafika a Bizwick. Anangosenza katundu n'kukwera phiri, ndipo anthu akuti tsiku limenelo sanaimbe.

Pa chinkhoswe Pilato anaimirira ngati amalume aang'ono ochokera ku Limbe. Akuchikazi anamupatsa nkhuku yathadzi ija imene ankhoswe amapatsana posonyeza kuti mabanja alumikizana. Dzuwa lisanapendeke anali ataiotcha kale pa mowa, nthenga zina zikadali pomwepo.

Akulu a mpingo anati pa ukwati pasaoneke mowa. Kondwelani anavomera, kenako n'kuika anzake akumowa okhaokha mu komiti. Iwo anathira kachasu m'zigubu za thobwa, zigubu makumi anayi, ndinaziwerenga ndi maso angawa. Pofika masana ngakhale ntchentche zinkauluka chagada. Wina anaponda diresi la mkwatibwi, Dario mlongo wake wa Luiza n'kumukankha, basi nkhondo buu! Mipando inauluka ngati akhwangwala. Keke anaipondaponda mpaka inasanduka matope. Mkwati mwini wake, tayi ili kumsana, anaswa botolo pamutu pa wojambula zithunzi. Dzino la munthu wina analitola ku Milange, tsidya la Mozambique, m'mawa mwake.

Monga mwa mwambo, Kondwelani anakakhala chikamwini kwa a Gregorio. Patangotha masabata atatu anabwera masana ali dzandidzandi, Luiza akupeta mpunga pakhonde.

"Abambo, mwayambanso?" anatero Luiza. "Anthu ukwati wathu akuutcha nkhondo yachiwiri. Chithunzi ngakhale chimodzi chopachika m'nyumba tilibe. Munasankha mowa, munasankha Pilato, nanga ine munandisankhiranji?"

Kondwelani anasolola pampu ya njinga. Anamenya kamodzi, kawiri, kachitatu mkono wa Luiza unalira thyo! Mpunga unamwazika bwalo lonse, magazi akutsika pachipumi.

Dario anatulukira ali ndi musi m'manja. "Alamu, lero mudziwa kuti pano ndi pa eni ake!"

A Gregorio anamugwira. "Ayi. Mkamwini salangidwa nkhoswe yake isanamve. Kaitane amalume ake aja."

Dario anamupeza Pilato pamsika akuyala malaya.

"Nkhoswe? Ine?" Pilato anaseka mpaka kukhala pansi. "Achimwene, unkhoswe wanga unatha tsiku limene ndinabweza suti. Mnyamatayo si m'bale wanga, timangomwera limodzi."

Mawu amenewo atafika kumudzi, a Gregorio anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Dario ndi abale ake anamugwera Kondwelani ngati akupuntha nandolo. Musi unathyoka, anatenga mpini. Mpini unathyoka, anatenga njinga yake yomwe n'kumumenya nayo mpaka gudumu linamulowa m'khosi. Kulira kwake kunamveka ku Nkando, minibasi zinaima. Anamutaya m'mbali mwa munda wa tiyi, nthiti zitatu zitathyoka, diso limodzi litazima.

Atatuluka m'chipatala anagona pamkeka kwa mayi ake, chibwano chomangidwa ndi nsanza. Ukwati wonse unkadutsa m'mutu mwake. Anakumbukira kuti anatha mwezi akusankha mtundu wa tayi, masabata awiri akukangana za galimoto yokwera akwati, koma nkhoswe anasankha pa botolo limodzi. Anakwawa mpaka pamapazi a amalume ake.

"Amalume, ndinalakwa. Kandipepesereni, Luiza ndimamufuna."

A Bizwick anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita ku Muloza. Anakhala pansi, chipewa m'manja.

"Bambo, ndinu ndani?" anafunsa a Gregorio.

"Ndine malume wake wa Kondwelani."

"Amalume ake tikuwadziwa, anadya nkhuku yathu. Inu pa chinkhoswe sitinakuoneni. Tikambirana bwanji ukwati umene simunamange?"

Luiza anatuluka, mkono uli mu pulasitala. "Agogo, musavutike. Ngakhale mukanabwera tsiku loyamba, kwa munthu wothyola mkono wanga sindibwererako."

A Bizwick anabwerako okha. Kondwelani anawaona akulowa pabwalo, anayang'ana kumbuyo kwawo ndi diso lake limodzi lija, kunalibe munthu.

Inu anyamata ndi atsikana, ndikunena ine amene ndaona maukwati ochuluka kuposa masamba a tiyi: kunyada ndi mowa zikakonza ukwati, ukwatiwo umatha masiku ochepa kuposa maluwa ake. Musachite manyazi ndi amene anakulerani, musakweze dzanja pa amene munalumbira naye pamaso pa Mulungu. Kondwelani lero amapemphera, mowa anasiya, Mulungu anamukhululukira. Koma Luiza anakwatiwa ku Milange, ndipo ana ake amatchula wina kuti bambo.