Stelia ndi Mkaka Wachikasu

Stelia ankakhala ku Mkanda. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna mchimwene wamphamvu ngati Kadyazonse.

Kadyazonse ndi mbuzi ya Stelia. Amadya chimanga cha eni. Amadya sopo. Tsiku lina anadya kope la masamu. Koma m'mimba mwake simupweteka.

Lachiwiri m'mawa, amayi a Stelia anabereka mwana wamwamuna. Azakhali a Tabeth anakweza Stelia pa njinga. Azakhaliwo anavala chitenje chatsopano chogula ku Chipata. Njira yonse nyimbo inali imodzi: "Usandidetsere chitenje."

Kuchipatala anapeza amayi ali pabedi. Mwana anali pachifuwa pawo. Anali wamng'ono ngati dzungu la chaka cha chilala.

Azakhali anasuzumira. Anaona kadontho ka mkaka. Kanali kachikasu. Kanali komata.

"Alamu, mkaka uwu ndi woipa," anatero azakhali. "Wakhalitsa. Muufinye, muutaye. Mwana ayambe wamwa madzi a shuga. Ife tinakula choncho."

Amayi anali otopa. Anangoyang'ana pansi. Kutsutsa alamu ako si chinthu chapafupi.

Stelia anachita mantha. Anakumbukira tsiku lomwe Kadyazonse anabadwa. Kadyazonse anayamwa mkaka wachikasu womwewo. Mnzake wobadwa naye sanayamwe. Anatsegula m'mimba. Mpaka lero ndi woonda ngati ndodo.

Azakhali anatulutsa kapu. Anathiramo madzi a m'fulasiki. Anathiramo shuga. Anatakasa. Kenako anatembenuka kuti atseke fulasiki.

Stelia anatenga kapu ija. Anamwa madzi onse.

"Madzi apita kuti?" anafunsa azakhali.

"Ndinali ndi ludzu, azakhali."

Azakhali anathira madzi ena. Anathira shuga wina. Anatakasa. Anatembenuka. Stelia anamwanso onse.

"Iwe mwana, kukhosi kwako kuli dzenje?"

"Ludzu lake ndi lalikulu, azakhali."

Kachitatu, Stelia anamwa movutika. Mimba yake inakungika ngati ng'oma. Koma shuga anathera pomwepo.

Nthawi yomweyo kunalowa anamwino, mayi Jane. Anayang'ana Stelia.

"Kodi wabereka ndi uti pano? Uyu mimba ikadalipo bwanji?"

Stelia anageya. Kenako anati, "Chonde, mchimwene wanga ayamwe mkaka wachikasu. Ayamwe ngati Kadyazonse."

"Kadyazonse ndi ndani?"

"Ndi mbuzi yanga."

Azakhali anagwira m'chiuno. "Mwana wa achimwene anga si mbuzi."

Mayi Jane anaseka. "Si mbuzi ndithu, mayi. Koma mtsikanayu akunena zoona. Mkaka woyambawu si woipa. Umakuta matumbo a mwana ngati kabulangeti. Umathamangitsa tizilombo totsegula m'mimba. Umatulutsanso chimbudzi choyamba, chakuda chija. Madzi a shuga sangachite zimenezo. Mwana asamwe china chilichonse."

Amayi anadzutsa mutu. "Alamu, mwamva?"

"Ndamva," anatero azakhali. "Koma ine ndimakhulupirira zoona ndi maso."

Amayi anaika mwana kubere. Mwana anayamwa. Anapuma. Anayamwanso. Mtima wa Stelia unakhala pansi.

Masana, azakhali anati, "Bweretsani ndimunyamuleko." Anamufungata pamiyendo. Anamufungata pa chitenje chatsopano chija.

Mwana anakwinya nkhope. Anafiira. Kenako kunamveka kuti pwii.

Thewera linalephera ntchito. Pa chitenje cha ku Chipata panada bii.

Stelia anabisala kumbuyo kwa mayi Jane.

"Mayi, munati mukufuna kuona ndi maso," anatero mayi Jane. "Ndi zimenezo. M'mimba mwayamba ntchito."

Azakhali anayang'ana chitenje. Anayang'ana mwana. Anayang'ananso chitenje. Kenako anaseka mpaka misozi.

"Ndaona," anatero. "Ngakhale mphuno yaona. Alamu, musataye ngakhale kadontho."

Amayi anaseka. Mayi Jane anaseka. Stelia anaseka atagwira mimba, chifukwa madzi aja ankakhuchumuka.

Kenako anawerama pafupi ndi mchimwene wake. Anagwira kachala kake. Anasangalala kwambiri.

"Yamwa, ukule ngati Kadyazonse," ananong'ona. "Koma kope langa usadzadye."