Ndodo ya Malemu Hubert

Chimene chinayamba kumudabwitsa Norman Tebbutt, mnzathu wa kumtsinje, ndi ichi: Lachiwiri madzulo anapachika ndodo ziwiri zowedzera nsomba pamsomali, zili zomasula m'matumba ake, koma atabwerera m'kanyumba kake ka kuseri kuti akatseke zenera, anapeza imodzi italumikizidwa yonse, itagona pathebulo ngati wina akukonzekera ulendo.

Ndodozo sizinali zake. Anabwereka kwa mayi Pask, akazi a malemu Cyril Pask, amene ankagulitsa mbedza ndi nyambo pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Nene. Kalekale Cyril ndi Hubert, mkulu wake wa Norman, anapangitsa ndodo ziwiri za nsungwi kwa mmisiri mmodzi, tsiku limodzi. Hubert atamwalira, mkazi wake anagulitsa zowedzera zonse kusitolo ya Cyril, Norman ali gone m'chipatala. Cyril sanafune kugulitsa ndodo ya mnzakeyo, anangoipachika pambali pa yake. Kenako nayenso anatisiya, ndipo patapita zaka ziwiri mayi Pask anaganiza zosamukira kwa mwana wawo ku Leicester.

"Imodzi ndikugulitsani, inayo ndipita nayo Loweruka," anatero mayiwo. "Koma kuti ya amuna anga ndi iti, ine sindidziwa, kwa ine zonse ndi nsungwi basi. Kaziyang'aneni bwinobwino, mubwere nazo Lachisanu. Chonde musandisiyire ya eni ake, bambo Tebbutt."

Kunena zoona, pa nkhani ya ndodo zakale Norman sanamizidwa. Amatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga kuti aone ngati yapindika. Amapisa chikhadabo m'timphete todutsa chingwe, kufufuza pamene padyeka. Amayang'ana ulusi womangira timpheteto, ndi dzina la mmisiri lolembedwa ndi inki. Pomaliza amakoka pamene zigawo zimalumikizana ndi mkuwa, khutu lili tcheru, chifukwa ndodo yabwino imalira kuti pho! Koma ziwirizi zinamugwiritsa njakata. Ulusi wobiriwira womwewo, dzina lomwelo, kulira komweko. Anangomangirira kaulusi kofiira pa imodzi kuti asamazisokoneze, ndipo ya kaulusi kofiirayo ndi imene anaipeza italumikizidwa.

"Mwayamba kuiwala, akulu inu," anatero mkazi wake Enid akuthira tiyi. "Dzana lomweli munaika magalasi anu mufiliji."

"Magalasi ndi magalasi. Ine kusiya ndodo ya nsungwi itagona pathebulo? Ndingayambe ndafa."

Lachitatu anaimasula yekha, n'kuzipachika zonse ziwiri, n'kutseka chitseko ndi loko, kiyi m'thumba. Unali mwezi wa Malichi kumapeto, nyengo imene kwathu kuno lamulo limatiletsa kuwedza m'mitsinje mpaka pa 16 Juni, ndipo amuna timangozungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Nkhungu inakwera kuchokera m'ngalande za m'minda n'kuphimba mpanda, kenako mtengo wa maapozi, kenako kanyumba kaja. Itakwana seveni koloko kunja kunali bii, ndipo awiriwo ankatsuka mbale, wailesi atazimitsa. Kunali zii, moti ankamva madontho akugwa kuchokera padenga, limodzi, kenako lina. Ndiye kuchokera mumdimamo, momveka bwino, pho!

Enid anasiya mbale m'madzi. "Mwamva?" ananong'ona.

"Ndamva."

"Kiyi ali kuti?"

Norman anangogwira thumba lake.

Anapita onse awiri ndi tochi, Enid atagwira malaya a mwamuna wake kumbuyo. Loko anali wotseka monga anamusiyira. M'kati, ya kaulusi kofiira inali kunja kwa thumba, zigawo zake zitatu zitandandalikidwa bwinobwino. Mkuwa wake unali noninoni. Norman anadziwa msanga tanthauzo lake, chifukwa asodzi akale asanalumikize ndodo ankayamba apaka mkuwawo pambali pa mphuno kuti utengeko mafuta a khungu, usadzakanirire. Atagwira chigwiriro anamva kuti n'chofunda.

Nkhani simachedwa kwathu kuno. Pofika Lachinayi masana, pamalo pathu pomwera mowa ena ankati ndi chinyezi chikufufumitsa nsungwi, ena ankati Enid ali ndi kiyi wachiwiri ndipo akumuseweretsa mdalayo. Wina anakumbutsa kuti anthu odutsa pamlatho madzulo ankamva zachilendo m'nyumba ya a Pask, koma tinamuuza kuti amalize mowa wake.

Madzulo amenewo Norman anavala jekete, n'kukakhala pampando pakona ya kanyumbako, nyale osayatsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndiye ntchito ya msodzi. Mdima unali wandiweyani. Anamva belu la tchalitchi likulira kasanu ndi kawiri, chapatali, ngati lakutidwa ndi bulangete. Kenako nsalu ya thumba inayamba kukhwekhwereza pang'onopang'ono. Mkuwa unalowa mumkuwa, tswii, kenako winanso. Mphepo inamupita pamaso katatu, fyuu, fyuu, fyuu, monga amachitira munthu woyesa kufewa kwa ndodo.

"Achimwene?" ananong'ona Norman.

Kunangomveka pho! kenako pho! n'kukhalanso zii. Mantha anali nawo, sindingakubisireni, koma chimwemwe chinaposa. Analowa m'nyumba misozi ili m'maso n'kuuza Enid kuti, "Ndi Hubert. Akundilozera yake."

Lachisanu m'mawa anafika kwa mayi Pask, makatoni ali mbwee pabalaza. Mayiwo ankaoneka otopa, maso ali psuu. Anamupatsa tiyi ndi mabisiketi, iye n'kuyala ndodo zija pathebulo.

"Ya kaulusi kofiirayi ndi ya achimwene," anatero. "Mukhoza kundiseka, mayi, koma imvani." Anawafotokozera zonse: loko, mkuwa wamafuta, kulira kuja.

Mayi Pask sanaseke. Anaika kapu pansi. "Nthawi yanji?"

"Seveni koloko."

"Amaigwedeza kangati?"

"Katatu."

Mayiwo anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kutsika, koma nkhope ikumwetulira. "Mayo ine! Ndiye kuti anali kwanu? Bambo Tebbutt, amenewo ndi a Cyril. Zaka makumi anayi, nyengo yoletsa kuwedza ikangofika, akatha kudya ankatulutsa ndodo, kuipaka pamphuno ija, kuigwedeza katatu, n'kuimasula. Ndinkawanena kuti adzandiswera nyale. Atamwalira sanasiye ayi, Malichi akafika ndimawamva kuchipinda uko, ndipo mtima umakhala m'malo. Kungoti sindinalowemo n'kamodzi komwe kuti ndione kuti akugwira iti, ndinkaopa kuwasokoneza. Masiku atatu awa m'nyumba muno munali zii, tulo osabwera. Ndimayesa andikwiyira chifukwa cha msamukowu."

Norman anayang'ana ndodo inayo, imene sinasunthe n'kamodzi komwe pamsomali. Mtima unamuwawa. "Nanga achimwene bwanji sanandipatse chizindikiro chilichonse?"

"Hubert?" Mayi Pask anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni. "Inu, mwamuiwala mkulu wanu? Munthu uja anadzukirapo chiyani pamoyo wake? Pa ukwati wanga womwe anagona m'tchalitchi!"

Norman anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. N'zoona, Hubert akafika kumtsinje ankaponya chingwe, kukhazika ndodo pachiphanda, kutsitsa chipewa kumaso, basi. Nsomba ikadya nyambo, wokoka anali Norman, koma kumowa wodzitama anali Hubert.

Anagula yopanda kaulusi kofiira ija. Mayi Pask anakwera galimoto ya mwana wawo Loweruka, ya kaulusi kofiira ataifungatira pamiyendo, atakana kuti iikidwe pamodzi ndi katundu. M'kanyumba ka Norman simunamvekenso kanthu mwezi wonse wa Epulo ndi Meyi.

Pa 16 Juni, kusanache bwino, Norman anali kale pagombe la Nene, pamalo pamene ankakhala ndi mkulu wake, pansi pa mtengo wopendekera m'madzi. Anapaka mkuwa pamphuno, n'kulumikiza ndodo, n'kuponya chingwe, n'kuikhazika pachiphanda. Nthunzi inkafuka pamadzi, ndipo gombe lonse kunalibe munthu wina. Kanthenga koyandama komangirira pachingwe, kosonyeza kuti nsomba yadya nyambo, kanaima njo pakati pa mabango.

Ali chikhalire choncho, kudzanja lake lamanja, pa udzu pamene panalibe aliyense, panayamba kumveka mkonono. Unali wapansipansi, wosathamanga, wokhala ndi kamluzu kumapeto kwake. Norman anatchera khutu. Sanatembenuke.

Kanthenga kanagwedezeka kawiri, kenako n'kumira.

"Gonani, achimwene," ananong'ona Norman akutambasula dzanja. "Ndikukokerani."