Phazi Lotsala Pansi pa Makina

Mkazi wa telala ankaanula zovala dzuwa litangolowa pamene anamva fungo la dothi lonyowa, chikhalirecho mvula inali isanagwe kwa miyezi inayi. M'nyumba makina osokera ankalira monga mwa masiku onse, kenaka anangoti zii. Atalowa, mwana ali kumbuyo, anapeza mwamuna wake atagwera pa makina, maso ali tong'o, thupi litazizira ngati wafa dzulo.

Ameneyu anali munthu wachitatu kufa chotero mwezi umenewo, ndipo konse kutatu fungo linali lomwelo. Pamudzi pakamwa sipagona ndi njala. Ankanong'onezana kuti mayiyu ndiye anali womaliza kupatsa moni awiri oyambawo, wokhoma zidebe ndi mphunzitsi, asanafe. Mlamu wake sananong'one nawo. Ananena poyera kuti maliro akatha atenga mwana wa mbale wake, asaleredwe ndi mfiti.

M'mawa kunabwera wapolisi wamkazi, wamfupi, wosaseka ndi munthu. Anamanga chingwe kuzungulira nyumba n'kulamula kuti wina asalowe kapena kukhudza kanthu. Koma anachedwa. Amayi oyandikana nawo, poopa manyazi kuti obwera pamaliro apeza fumbi, anali atasesa mwakhama, kutsuka kapu imene malemu anamwera, mpaka kupukuta chogwirira cha chitseko. Wapolisi anagwira m'chiuno, nati akanakhala ndi unyolo wokwanira akanayamba ndi eni matsache.

Pansi pa makina pokha ndi pamene tsache silinafike. Pafumbipo panali phazi limodzi lopanda nsapato, lalitali, chala chachikulu chitatalikirana ndi zinzake. Analijambula, naliyeza ndi tepi ya telala yemweyo, kenaka anauza amuna kuti athire mchenga pabwalo n'kuusalaza ndi thabwa. Aliyense anaponda kamodzi, anthu onse akuona, iye akulemba mayina m'kabuku. Namfedwa anaponda pomalizira, podziwa kuti tepi ikamutsutsa mwana wapita.

Phazi lake linachepa kutalitali. Mlamu anayang'ana kumbali ngati waitanidwa, ndipo mayiyo anapuma kwa nthawi yoyamba chiyambire dzulo, mtima uli m'malo. Koma wapolisi sanatseke kabuku. Anawerenga mapazi pamchenga, anawerenganso akuloza ndi cholembera.

"Waponda kawiri ndani?"

Anthu anayang'anana, wapolisi napitiriza:

"Ndalemba anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Apa pali mapazi makumi awiri."

Lowonjezeralo linali kumbuyo kwenikweni kwa la namfedwa, chala chachikulu chitakhudza chidendene chake. Wapolisi anagwada, nayala tepi paphazilo. Linali lomwe lija la pansi pa makina. Onse anali ataonerera mayiyo akuponda, ndipo pambuyo pake panalibe munthu. Anthu anayamba kufutuka mwakachetechete, wina akukoka mnzake malaya, mpaka pabwalo panatsala mayiyo yekha ndi mwana kumsana.

Sanatembenuke kuti aone. Anamasula nsalu pang'onopang'ono, natsitsira mwana kutsogolo, n'kumutambasulira kutali ndi thupi lake mmene manja akanathera.

"Alamu, mutengeni."

Mlamu anazengereza, mantha atamugwira.

"Fulumirani. Ndipo akamalira usiku musamubweretse kwa ine, ngakhale nditabwera ndekha kudzakupemphani."