Mafuta a Kagalimoto ka Thumbiko

"Pulagi ndi yabwinobwino. Taonani mmene ikufiirira."

"Ndaona. Nanga bwanji injiniyo sikulira?"

"Ndikanadziwa, amama, simukanandipeza pano."

Linali Loweruka, 9 koloko m'mawa, pakhonde la nyumba ina kuseri kwa msika wa Bolero. Wofunsayo anali Sajeni Muriel Malunga, wapolisi wofufuza milandu, wochokera ku Dedza. Woyankhayo anali bambo Hezron Mhango, mphunzitsi wa sayansi wopuma pa ntchito, komanso mkulu wa mpingo.

Patebulo panali kagalimoto kofiira, kotalika ngati mkono wa munthu kuyambira pachigongono. Sikanali ka mabatire. Kanali ndi injini yeniyeni, yaing'ono ngati chibakera, yolizira kachingwe kokoka, ndipo kankawongoleredwa ndi rimoti.

Sajeni sanabwere chifukwa cha kagalimoto. Lachiwiri masana, amuna anayi atamaliza kudinda fodya m'mudzi wina wa ku Nkhamanga anapita kukamwa kachasu kwa NyaGondwe. Lachitatu onse anadzuka akusanza, akuti kunja kuli chifunga pamene dzuwa linali phwee. Lachinayi Amock Nyirenda, bambo wa ana asanu, anamwalira. Awiri anachita khungu. NyaGondwe mwini wake, amene ankalawa botolo lililonse asanagulitse, anali chikomokere kuchipatala. Dokotala anati mumowamo munathiridwa methanolo, mankhwala ooneka ngati madzi, onunkhira ngati mowa, koma akupha.

Sajeni anayendera malabu a sukulu ndi a chipatala. Mabotolo onse anali okwanira. Potuluka pa sukulu yomaliza, wosamalira labu anamunong'oneza kuti a Mhango amaitanitsa chigubu cha malita asanu kuchokera ku Mzuzu chaka ndi chaka.

"Methanolo mumatani naye, asambizgi?" Sajeni anafunsa tsopano, akuwatchula mmene Atumbuka amatchulira mphunzitsi.

"Mafuta a kagalimotoka kuno sagulitsa. Ndimasakaniza ndekha. Magawo anayi a methanolo, gawo limodzi la mafuta a nsatsi. Anandiphunzitsa ndi mwana wanga Thumbiko."

"Chigubucho ndingachione?"

"Tiyambe taliza injiniyi. Mawa ndi tsiku lake."

Anafotokoza osamuyang'ana. Thumbiko, mwana wawo woyamba, anali injiniya ku Joni. Ndiye anabwera nako kagalimotoka. Pobwerera, basi imene anakwera inagubuduka pa msewu wa M1. Kuyambira chaka chimenecho, Lamulungu la sabata ya imfa yake likafika, a Mhango ankapita kumanda akaweruka kutchalitchi, n'kukathamangitsa kagalimotoko pambali pa manda mpaka thanki itauma. Zaka zisanu ndi zitatu, injiniyo sinakanepo.

Sajeni akanatha kulamula kuti chigubu chituluke. Koma anali munthu woti akaona chinthu chikukana kugwira ntchito, mtima sukhala pansi. Anakoka mpando.

"Ndiphunzitseni. Imafuna chiyani kuti ilire?"

"Zitatu basi. Moto, mpweya, mafuta. Gwirani apa, mukanikize pansi."

Sajeni anagwira. A Mhango analumikiza kabatire pa pulagi kuti kawaya ka m'kati katenthe, n'kukoka kachingwe. Injini inangoti pru, pru, n'kukhala chete. Anakokanso kasanu. Kachingwe kanayamba kulimba.

"Yakhuta mafuta," anatero. Anamasula pulagi, n'kutembenuza kagalimotoko chadodolido, n'kukoka. Timadontho tinawazikira patebulo. Anaika pulagi ina yatsopano. Anachotsa kasiponji kosefa mpweya. Anazula kapaipi ka mafuta, n'kukauzira ndi pakamwa. Anatseka singano ya kabureta mpaka pamapeto, n'kuitsegulanso katatu, akuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi. Kenako anatseka ekizozi ndi chala, n'kukoka mpaka mafuta anaoneka akukwera m'kapaipi.

Pru, pru. Zii.

Sajeni anaona zala zawo. Pamene pankadutsa kachingwe panali matuza, ena ataphulika kale.

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Lachitatu."

"Lero ndi tsiku lachinayi. Mapulagi mwasintha angati?"

"Atatu."

"Ndiye kuti moto mwauyesa katatu. Mpweya mwauyesa ine ndikuona. Mafuta?"

"Akufika. Mwaona nokha."

"Sindinafunse ngati akufika, asambizgi. Ndafunsa ngati ali mafuta."

A Mhango anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Anawapukuta nthawi yaitali.

"Ana a fomu wani ndinkawauza kuti poyesa chinthu osadumpha sitepe," anatero. "Ndinkawachotsera malikisi."

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi tambula ya galasi, botolo lofiirira lomwe ankasakaniziramo mafuta, ndi chigubu choyera. Anathira za m'botolo mutambula. Zinali zoyererako, ngati madzi otsukira mpunga, timadontho ta mafuta tikuyandama pamwamba.

"Methanolo weniweni akakumana ndi mafuta a nsatsi amagwirizana, tambula imaonekera mpaka pansi," anatero ndi mawu a m'kalasi aja. "Zikayera chonchi ndiye kuti muli madzi. Madzi sayaka."

Sajeni ananyamula chigubu. Pambali pake panali kamzere ka bolopeni, ndipo zam'katimo zinalekezera pa kamzerepo ndendende. Wakubayo anali wosamala. Anapungula, n'kubwezera madzi mpaka pamene anapeza. Sanadziwe kuti pali kanthu kena m'nyumbamo kamene sikanamizika.

"Munadziwa liti?"

"Lachitatu m'mawa, pamene ndinkathira mu thanki."

"Za anthu odwala aja munamva liti?"

"Lachitatu lomwelo, chakumadzulo."

"Mukananena tsiku limenelo, madokotala akanadziwa msanga chimene akulimbana nacho."

"Ndinati mwina ndi pulagi." Mawu awo anatsika. "Ikanalira, ndiye kuti maso anga anandinamiza. Dzulo ndinalalikira pa maliro a Amock. Nditabwerako ndinasinthanso pulagi."

Sajeni sanalembe zimenezo nthawi yomweyo. Anayang'ana kumsewu, kumene ngolo ya ng'ombe inkadutsa itasenza mabelo a fodya.

"Chigubuchi chimakhala kuti?"

"M'chipinda cha Thumbiko. Chimakhala chokiya."

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine."

"Ndi ndani wina?"

"Amama, mkazi wanga anapita. Thumbiko anapita. M'nyumba muno tatsala awiri."

"Dzina lake?"

"Donald, mng'ono wake wa Thumbiko. Ndiye amasesamo Lolemba lililonse."

"Ali kuti?"

A Mhango anavalanso magalasi. Anatenga kagalimotoko, n'kukapukuta timadontho tija ndi mpango wawo.

"Ali kumanda. Ndamutuma kuti akalambule poti kadzathamange mawa."

Anafika kumandako nthawi ili 11 koloko, pa galimoto ya polisi, a Mhango atakhala kumbuyo. Donald, bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, woonda, wa maso ofiira, anali atalambula kale kanjira kosalala kotalika mapazi makumi anayi. Ankatola timiyala n'kumatiponya kutchire. Ataona galimoto anaimika khasu. Sanathawe.

"Monile, adada," anatero. "Yalira?"

Sajeni anatsika m'galimoto n'kumuyandikira.

"Ndine Sajeni Malunga. Munapungula malita angati?"

Donald anayang'ana bambo ake, kenako pansi.

"Awiri. Lolemba."

"Munapita nawo kuti?"

"Kwa NyaGondwe. Ankadandaula kuti kachasu wa ulendo uno watuluka wofooka, anthu akuthawira kwa mnzake. Ndinamuuza kuti kwathu kuli sipiriti wa asambizgi, wamphamvu chomene. Anati ndizimwa ulere sabata yonse."

"Munkadziwa kuti ndi poizoni?"

"Adada amati ndi mtundu wa mowa. Ndinawamva akuuza alendo."

"Ndinkati ndi m'bale wake wa mowa," anatero a Mhango chapansipansi. "Ndinkapitiriza kuti amapha."

"Ine pamenepo ndimakhala nditapita kukatenga tiyi wa alendowo."

Sajeni anafunsa chifukwa chake iyeyo sanadwale. Donald anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Lachiwiri anandituma ku Henga kukagula mafuta a nsatsi. Ndinabwera mochedwa. Kagalimoto ka Thumbiko ndiko kanandipulumutsa." Anapukuta manja pa buluku. "Amock ndinkakhala naye desiki imodzi ku pulaimale. Dzulo ndinakumba nawo manda ake."

"Bwanji simunabwere kupolisi?"

"Ndinkadikira kuti adada andifunse. Masiku anayi tikudyera tebulo limodzi. Amangofunsa injini."

Sajeni anamuuza kuti akumumanga pa mlandu wakuba ndi wopha munthu mosakonzekera. Donald anatambasula manja yekha. Unyolo utatsekeka, anapempha kuti wina adzabweze khasu kwa eni ake, chifukwa linali lobwereka.

A Mhango anali ataima pafupi ndi mwala wa pamanda, pamene panalembedwa dzina la Thumbiko ndi madigiri ake awiri. 

Donald anaima pakhomo la galimoto.

"Kanjira ndamaliza, adada. Timiyala tonse ndachotsa. Chipinda chake ndinasesa, nsapato zake ndinapolisha, monga mwa masiku onse." Anatembenukira kwa bambo ake. "Ndingofunsa chimodzi. Akanakhala kuti anafa pa basi ija ndine, mukanasunga chiyani changa?"