Maluwa a Changu Akugwa

Kunyumba amamutcha Changu. Amadya mothamanga. Amasamba mothamanga. Kudikira kokha ndiye sadziwa.

Changu ankafuna kulima zukini. Zukini ndi timaungu titalititali, tobiriwira. Azakhali ake anamupatsa nthanga zitatu.

"Ndibzale lero?" anafunsa Changu.

"Gwira dothi," anatero azakhali.

Changu anagwira. Dothi linali lozizira.

"Dikira kaye," anatero azakhali. "Zukini sakonda kuzizira."

Changu anadikira. M'mawa uliwonse ankagwira dothi. Linali lozizira. Linali lozizirabe. Kenako tsiku lina linafunda.

Abambo anamupatsa bedi la pafupi ndi mpopi. Linali bedi la anyezi wawo. Anapereka, koma monyinyirika.

Changu anabzala nthanga zake. Anathirira madzi. Nthanga zinamera. Masamba anakula ngati mbale. Kenako panatuluka maluwa achikasu.

Duwa loyamba linamasula m'mawa. Masana linatseka. Tsiku lotsatira linagwa.

Duwa lachiwiri linagwanso. Lachitatu linagwanso. Zukini panalibe.

Abambo anaima pabedi, manja m'chiuno.

"Masamba alipo," anatero. "Maluwa ali pansi. Nanga todya tili kuti?"

"Tikubwera, ababa."

"Ndikupatsa mpaka Loweruka. Tikapanda kuoneka, ndizula. Ndibzala anyezi wanga."

Changu anathamangira m'nyumba. Anatenga ulusi wofiira m'chitini cha amayi. Anatola maluwa onse ogwa. Anawamangirira pamene anathothoka. Anamanga limodzi. Anamanga lina. Anamanganso lina.

Lachitatu, maluwa omanga anafota. Lachinayi, anada. Lachisanu, ananyenyeka. Panatsala ulusi wokhawokha.

Loweruka m'mawa, Changu anasuzumira pansi pa masamba. Anaona duwa latsopano. Koma linali lachilendo. Kuseri kwake kunali kanthu kotupa.

"Ili ndiye likudwala," anatero Changu. Analiphimba ndi tsamba lalikulu.

Abambo anatuluka ndi khasu. Nthawi yomweyo azakhali anafika kudzacheza.

"Achimwene, khasu m'mamawa uno?" anafunsa azakhali.

"Ndikuzula izi. Zimangodya madzi."

Azakhali anawerama. Anaona ulusi wofiira. Ulusi apa, ulusi apo.

"Telala wa m'dimba muno ndani?"

"Ndine," anatero Changu motsitsa mawu. "Maluwa amangogwa. Ndiye ndimawamanga."

Azakhali anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awo okha ndiwo ankaseka.

"Amenewo ndi maluwa aamuna," anatero. "Amayamba ndi iwo kutuluka. Amapatsa njuchi ufa wachikasu, kenako amagwa. Sabereka. Obereka ndi aakazi. Iwo amabwera mochedwa."

"Amaoneka bwanji?" anafunsa Changu.

"Amabwera ndi kamwana kumsana."

Changu anawerama. Anayang'ana tsamba lalikulu lija. Analikweza pang'onopang'ono.

"Ngati ili, azakhali? Ndimayesa likudwala."

"Silikudwala. Kameneko ndi kazukini."

Changu anapumira m'mwamba. Anakhala pansi, padothi lofunda.

Njuchi inatuluka m'duwa lalimuna. Miyendo yake inali mbuu ndi ufa. Inazungulira khasu la abambo. Kenako inalowa m'duwa lalikazi.

"Mwaona, achimwene?" anatero azakhali. "Ena ali pantchito. Inu mukufuna kuwagwetsera ofesi."

Abambo anayang'ana khasu lawo. Anayang'ana kazukini.

"Khasu ili ndimafuna kupalira," anatero.

"Ee, tamva," anatero azakhali.

Abambo anapaliradi. Anapalira mosamala kwambiri.

Kazukini kanakula. Poyamba kanali ngati chala. Kenako panabwera kena. Panabweranso kena.

Abambo anayamba kupita kubedi m'mawa uliwonse. Ankasuzumira asanamwe tiyi. Lachiwiri anabwera ndi mpeni.

"Tidule lero?" anafunsa.

Changu anaika dzanja lake pambali pa zukini. Zukini anali wamfupi kuposa dzanja.

"Dikirani kaye, ababa," anatero Changu.

Abambo anadikira. Lachinayi, zukini anapitirira dzanja la Changu. Changu anagwira, abambo anadula. Amayi anamukazinga ndi anyezi wogula kumsika.

Onse anakhala patebulo. Abambo anadya mothamanga. Changu anadya pang'onopang'ono.