Matayala a Galimoto ya Eni Ake

Ku Mpanshya, kuseri kwa msika, kunali nyumba ya a Yoram Tembo, okonza njinga, ndi akazi awo a Estina. Chuma analibe, koma m'nyumbamo munali pemphero ndi kuseka. Ana anali awiri: Gershom, ndi mlongo wake wamng'ono Justina, amene anali atangosankhidwa kukaphunzira unamwino ku Katete.

Gershom anapeza ntchito yosiririka. Galimoto zogulidwa ku Japan zinkabwera pa sitima yapamadzi kufika ku Dar es Salaam, n'kukwezedwa pa sitima yapanjanji mpaka ku Kapiri Mposhi. Iye ankazilandira kumeneko n'kuziyendetsa kukapereka kwa eni ake ku Chipata. Eni akewo n'kuti atangoiona galimoto yawo pa chithunzi cha pafoni basi.

"Mwana wanga," anatero a Yoram, "motoka yaoloka nyanja yathunthu. Isakapunguke m'manja mwako."

Gershom anavomera, ndipo poyamba ankanenadi zoona. Koma pantchitopo panali dalaivala wina dzina lake Lucky, wa pakamwa pothira shuga.

"Iwe boi, uzafa wosauka," anatero Lucky. "Mwine wa motoka anayaonapo matayala yake? Chosa yanyowani, tiike ya salaula, yogwirapo kale nchito. Paka polishi, azakuuza na zikomo."

Gershom anayamba ndi kuba jeke. Palibe anafunsa. Kenako tayala la sipeya, kenako batire. Tchimo ndi lotero, likakulawitsa silikusiya. Gershom, amene ankaimba kwaya kutchalitchi, anasanduka katswiri wofunkha galimoto za eni.

Amayi ake anaona kusintha. "Gershom, masiku ano suyang'ana munthu m'maso. Chavuta n'chiyani?"

"Ni kulema chabe, amai," anayankha akuseweretsa foni.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likusungunula phula, analandira galimoto yoyera ya matayala anayi atsopano. Pofika ku Chongwe anagulitsa onse anayi. Wogula matayalayo anamuikira akutha, amene mizere yake anachita kuisema ndi mpeni wotentha kuti azioneka amoyo.

"Uyende pang'onopang'ono," anamuchenjeza. "Aya ni yofikisa chabe."

Akanangopitiriza ulendo. Koma mtima wofuna kuonedwa unamukhotetsera kwawo ku Mpanshya, hutala ili pipiii! Anthu oyandikana nawo anathamanga kudzazungulira galimotoyo. Pakhonde panali Justina ndi sutikesi yake, akudikira kukakwera basi ya ku Katete.

"Ba Gershom!" anakuwa Justina akudumpha. "Basi ija iyende yeka. Ine nizafika kusukulu monga mwana wa bwana!"

"Mulungu watuma motoka," anatero a Estina akuomba m'manja.

A Yoram ananjuta, nasisita tayala lakutsogolo ndi chala, nafunsa Gershom:

"Matayala awa, ndi amene inabwera nawo?"

"Ni yamene aya, atate."

"Tandiyang'ana. Ngati pali chimene udziwa, kamba tsopano. Mlongo wako akwere basi."

Mawu amodzi okha akanakwana. Koma Gershom anayang'ana anthu amene ankamusirira, nayang'ana amayi ake akumwetulira. Kunena zoona kunali kuvomera pamaso pa onsewo kuti ndi wakuba. Manyazi anamukulira kuposa mlongo wake.

"Yali bwino," anatero, natsegulira Justina chitseko.

Poyamba anayenda pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Justina ankaimba nyimbo za kwaya, n'kumamuseka kuti akuyendetsa ngati ngolo ya ng'ombe. Atafika pa mapiri a Manenekera, pamene msewu umatsetsereka mokhotakhota, galimoto inayamba kuthamanga yokha. Gershom anaponda buleki. Tayala lakutsogolo linaphulika, phuu! Galimoto inasiya msewu n'kugubuduka kutsetsereko.

Gershom anatuluka atangothyoka mkono. Justina anamwalira ali m'manja mwa anthu amene ankamunyamula kukwera naye kumsewu.

Kulemba izi kukundiwawa. Mtsikana amene ankapita kukaphunzira kusamala odwala anafika kuchipatala cha kwawo ali mtembo, sutikesi yake isanatsegulidwe n'komwe.

Apolisi analola Gershom kufika pamaliro asanamutenge, pakuti mwini galimoto anali atadandaula kale. Kumanda anagwada pamapazi pa atate ake.

"Atate, ninaziba. Ninaziba kuti matayala ni yakutha."

A Yoram sanamukalipire. Anangoti, "Mulungu akukhululukire, mwana wanga. Ifenso tidzayesa." A Estina analira mpaka mawu anauma, pakuti tsiku limodzi linawalanda ana onse awiri.

Wachinyamata iwe, chinthu cha mwini chikaikidwa m'manja mwako, chifikitse monga unachilandirira. Ndipo ngati waba kale, vomera pamene akukufunsa. Manyazi a tsiku limodzi amatha, koma Justina sadzabweranso.